Jezi ya Dilu, Mimba ya Umba

Umba anayamba nsanje asanamere dzino. Anabadwa Lachiwiri m'mudzi wa pamwamba pa Kerowagi, kuno ku Simbu, ndipo msuweni wake Dilu, mwana wa amalume ake, anabadwa Lachinayi sabata yomweyo. Amayi awo atabwerera kumunda wa mbatata anagoneka makandawo m'matumba oluka, n'kuwapachika panthambi imodzi. Akuti Umba anasuzumira pakabowo ka ulusi, n'kuona kuti thumba la mnzake lili ndi mzere wofiira pamene lake lilibe. Analira masiku atatu osameza malovu, mpaka nkhumba za m'mudzimo zinawoloka mtsinje wa Wahgi kukafuna tulo kutsidya. Zina sizinabwerere mpaka lero.

Anakula choncho. Kusukulu ya mishoni aphunzitsi akakwapula Dilu zikoti zinayi, iye ziwiri, ankafika kunyumba atatupa, kudandaula kuti amumana. Tsiku limene Dilu anaguluka dzino pa ragibi yawo ya paubwana, ija ankasewera ndi botolo lodzaza mchenga, Umba anakhala mpaka dzuwa kupendeka akugwedeza lake ndi chala. Koma mano a Umba ndi a nguluwe, sagwedezeka.

Thupi lokha Mulungu sanamumane. Khosi alibe, mutu unangokhazikidwa pamapewa ngati dzungu pathandala. Kuseri kwa ntchafu yake imodzi ana atatu akhoza kubisala mvula. Mkati mwa sabata amasenza matumba a khofi pashedi ya m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo anzake akamagwirizira thumba limodzi awiriawiri, iye amanyamula awiri yekha, maso akuponya uku ndi uku kuona ngati pali wina wanyamula atatu.

Kuno munthu ukajomba kutchalitchi amakukhululukira, koma ukajomba ku ragibi amatuma munthu kukafunsa tsiku la maliro ako. Timu yathu ndi Mumut za Kerowagi, dzina la kanyama kaja kofukula mbatata m'minda, ndipo imasewera mu ligi yaikulu, kumene anyamata amalandira malipiro ngati apantchito. Asuweni awiriwa analowa timuyi chaka chimodzi, tsiku limodzi. Dilu anapatsidwa jezi nambala eyiti, ya munthu amene amalandira mpira n'kukadziwombetsa pakhoma la amuna khumi ndi atatu. Umba anapatsidwa nambala 17, ya munthu amene amakhala pabenchi kudikira kuti wa eyiti atope.

Dilu sanatope zaka zisanu ndi zinayi.

Benchi ya pabwalo lathu ndi thabwa lolimba loti nkhwangwa imabwerera, koma kumapeto kwake kuli chigwa chimene matako a Umba anakumba m'zaka zimenezo. Mvula ikagwa mumadikha madzi, abakha n'kubwera kudzasambira. Ali m'chigwa chimenecho Umba anaona zonse. Anaona khamu likuimba dzina la Dilu. Anaona amayi okalamba akusisita mikono ya Dilu misozi ili chuchuchu. Anawerenga ana asanu ndi awiri, galu mmodzi ndi minibasi imodzi, onse otchedwa Dilu. Iye ankalowa mphindi zisanu zomaliza, anthu atayamba kale kuthamangira mabasi.

Mkazi wa Umba, Ambane, amagulitsa mbatata yootcha ndi nthiti za nkhosa pageti la bwalo, ndipo lilime lake ndi lakuthwa kuposa mpeni umene amadulira nthitizo.

"Jezi yanu ndimaikonda, bambo a Kagl," anatero tsiku lina akuyanika zovala. "Siidya sopo. Ndimangoikung'untha ngati mphasa."

"Seka, mkazi iwe. Tsiku lina udzachapa eyiti."

"Ndinaichapapo kale, mkazi wa Dilu atadwala. Imanunkha munthu wogwira ntchito."

Umba anakana chakudya tsiku limenelo. Anangodya mbatata zisanu ndi ziwiri basi.

Ndiye Lolemba lina kochi wa timuyi, a Witne, anasonkhanitsa anyamata pakati pa bwalo. A Witne ndi mdala amene makutu ake anatha kalekale m'masewera omwewa, atsala ngati bowa wouma, ndipo mawu amawatulutsa mowerenga chifukwa mkamwa mwawo mumakhala modzaza ndi buai, mtedza uja wofiiritsa malovu.

"Dilu tasiyana naye," anatero. "Timu ina ya ku Queensland, ku Australia, yamufuna, ndipo akuluakulu a Mumut amumasula. Lolemba likudzali akwera basi ya ku Hagen kukakwera ndege. Lachisanu timutsazika. Loweruka tiyesa anthu, wofuna eyiti abwere ndi nsapato zake. Ndatha."

M'mimba mwa Umba zinthu ziwiri zinalumana ngati agalu awiri m'thumba limodzi. China chinali ndege. Iye ndege ankangoiona ikudutsa pamwamba pa phiri, tsopano Dilu akaona Simbu yense ali kumwamba, kuphatikizapo kadazi kamene kanayamba kutuluka pamutu pa Umba. Koma china chinali eyiti. Jeziyo inali itatsala yopanda mwini, ndipo Umba anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ikamuphonya chaka chimenecho, ndiye kuti adzaikidwa m'manda atavala 17.

Tsono pali mwambo umene makolo anatisiyira kuyambira nthawi ya mauta ndi zishango. Amuna asanapite kunkhondo ankakhala pansi mozungulira, aliyense n'kutulutsa chimene chili m'mimba mwake chokhudza mnzake, kaya ndi mkwiyo, kaya ndi kaduka, kaya ndi nkhani ya nkhumba yolowa m'munda. Wobisa chakukhosi muvi unkamupeza, ndipo ukamuphonya unkapeza woima pambali pake. Mwambowo sunafe, unangovala jezi. Lachisanu lililonse Mumut zimakhala pansi paudzu, wokhumudwa amanena, kenako iye ndi womukhumudwitsayo amathyola nzimbe imodzi n'kutafuna limodzi, nkhani n'kuthera m'makoko.

Zaka zonsezo Umba ankaulula tinthu tosadyetsa mwana. Kawage anamwa madzi anga. Wina anaponda thawulo langa. Palibe ankamukakamiza, pakuti munthu wa pabenchi angavulaze ndani, thabwa? Koma munthu wowoloka nyanja samusiya apite ndi mkwiyo wa abale kumsana, ndipo ofuna kuima pamzere wakutsogolo ayenera kukhala ndi mimba yopepuka. Umba ankadziwa zonsezi. Komabe anakhala pansi n'kudzipangira nzeru zake. Ndikanena kuti ndimamuchitira nsanje, anaganiza, adzati ndine ndamuthamangitsa, ndipo akochi sadzapereka eyiti kwa munthu wa mtima wakuda. Bola ndioneke woyera ngati mwana wa ubatizo. Mwana wobadwira m'mwambo womwewo, wosenza matumba awiri, anaphonya pamenepo.

Lachisanu masana anapha nkhumba ziwiri, n'kuziphika m'dzenje la miyala yamoto pamodzi ndi mbatata, nthochi ndi masamba. Anthu atadya mpaka malamba kupempha chifundo, timu inakhala mozungulira, Dilu pakati, mtolo wa nzimbe pambali pake.

Woyamba anali Kawage, wothamanga wa kumphepete, wowonda ngati bango.

"Iwe Dilu, ku Lae chaka chatha ndinali ndekhandekha, mzere uli apo. Ndinakuwa mpaka mawu anatha, iwe osandiponyera mpira. Ndakhala ndikukutukwana chamumtima miyezi khumi."

"Ndinakumva, aise. Koma manja ako ndi a sopo, ndinamvera chisoni mpirawo."

Anaseka, nzimbe inalira, anatafuna. Anatsatira ena, wina za nsapato, wina za mpando wa pawindo m'basi. Ngakhale a Witne analavula kaye n'kunena zawo.

"Unanditchula mdala pa wailesi."

"Nanga ndinu mnyamata, akochi?"

"Thyola nzimbeyo ndisanasinthe maganizo."

Itafika nthawi ya Umba, Dilu anasolola pansi pa mtolo nzimbe imene anaisungira padera, yonenepa ngati mkono, yaitali yoti n'kupachikapo mbendera. Anyamata anayamba kukhala bwino. Wina anagona chagada n'kutsamira nsapato, wina anavula malaya n'kudziphimba kumutu poopa dzuwa.

"Msuweni, bwalo ndi lako," anatero Dilu. "Usafulumire. Ndauza kale adalaiva kuti ukapanda kumaliza pofika Lolemba andidikire."

Umba anakonza kukhosi kumene alibe.

"Ine ndilibe kanthu."

Mphepo inaima, masamba a mitengo anaima, ndipo nkhumba zodyedwa zija zinatembenuka m'mimba mwa anthu.

"M'mimba mwanga ndi moyera," anapitiriza. "Uyende bwino, mwana wa amalume. Ukatiimire kumeneko."

"Ngakhale kang'onong'ono, mwana wa azakhali?"

"Ngakhale kanjere."

A Witne analavulira pambali, malovu ofiira psu, n'kungoti, "Chabwino." Dilu anayang'ana msuweni wake kanthawi, kenako anapanira nzimbe ija kukhwapa yosathyola. Amene anakhala kumanja kwa Umba anasendera pang'ono. Wa kumanzere anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mawu ndi munthu wa tsidya lina la bwalo.

Loweruka kunabwera amuna makumi asanu ndi limodzi kuchokera m'zigwa zonse. Ena anali osavala nsapato, wina anavala majombo a mvula, ndipo awiri apachibale anagawana peyala imodzi, wamkulu yakumanja, wamng'ono yakumanzere. Onsewo nkhani ya dzulo anali ataimva, pakuti kuno mawu amakwera phiri mofulumira kuposa mbuzi.

A Witne anawagawa magulu, wezulo inalira. Umba anaima pamzere, n'kuona kuti kumanja kwake kuli mpata woti lole ya khofi n'kudutsa, kumanzere mpata woti n'kutembenukirapo. Iye anayesa kuti ndi ulemu. Atayandikira mnyamata wina amene anali ndi mpira, mnyamatayo anaukhazika pansi mosamala ngati dzira, n'kubwerera chafutambuyo. Umba anautola, anaweramitsa mutu, anathamangira khoma la adani, ndipo khomalo linatseguka ngati zitseko za tchalitchi tsiku la ukwati. Anakakhazika mpira kuseri kwa mzere wopanda womukhudza ndi chala. Anatero kasanu ndi kamodzi. Pomaliza jezi yake inali yoyera kuposa mmene anaivalira.

Anasuzumira kugeti kuti aone mkazi wake akuwomba m'manja. Ambane anali atawerama, akutembenuza mbatata pamakala.

"Mwaona, akochi?" anafunsa anthu atabalalika, chifuwa chili patsogolo.

"Ndaona munthu akuyendera munda wake."

"Kasanu ndi kamodzi."

"Anakugwira ndani?"

"Amandiopa."

"Sakuopa iwe, Umba. Akuopa chimene wasenza." A Witne anasuntha buai kupita tsaya lina. "Kawage ali ndi ana anayi, mawondo ake akuwafuna. Wa eyiti amaima pakati pa anzake, mapewa kukhudzana. Ndikuike pakati pa yani? Onse andiuza kuti bola akagwire khasu."

"Koma ine ndilibe kanthu."

"Ndiye ndaimba foni ku Rabaul. Kuli mnyamata, dzina lake Tokele. Afika Lachiwiri."

"Wa kunyanja? Wodya kokonati?"

"Wodya kokonati wopanda mwala m'mimba. Lachinayi ndiyesa komaliza, iwe ndi iye. Ukabwera ndi mimba yomweyi usavutike n'kumanga zingwe za nsapato. Ndipo kumbuka kuti wothyola naye nzimbe akuchoka mkuja."

Lamulungu atatuluka ku Misa, Umba anakhala pakhonde akusosola udzu ndi zala za kumapazi. Ambane ankasenda mbatata, osamuyang'ana.

"Ndikanena, anthu andiseka," anatero Umba, ngati akuuza nkhuku zinali pabwalo.

"Bambo a Kagl, akhala akukusekani zaka makumi atatu. Chinsinsi chanucho ndi agalu omwe amachidziwa. Amene simudziwa kuti tikudziwa ndinu nokha."

"Ukundinyoza pakhomo panga."

"Ndikukutumani. Kwa amalume anu si kutali."

Ananyamuka ndithu. Anatsika kakhwawa, anakwera mtunda, anafika pampanda wa kwa Dilu atakonza kale mawu oyamba. Koma pakhonde panali sutikesi yatsopano, yakuda, yonyezimira, ya matayala. Umba chibadwire katundu wake amasenza pamsana, ndipo apa panali katundu woyenda yekha ngati mwana wa ng'ombe. Mawu aja anabwerera m'mimba n'kukakhala pamwamba pa anzawo. Anatembenuka, n'kukauza mkazi wake kuti sanapeze munthu.

Lolemba m'mawa anali pashedi, thumba la khofi lili paphewa, pamene anamva hutala ndi kulira kwa amayi. Basi inatulukira pakona itakongoletsedwa ndi maluwa, kumbuyo kwake amayi odzola matope kumaso akuithamangira monga amachitira mwana akamapita kutali. Dilu anakhala kutsogolo pambali pa dalaivala. Pawindo panatuluka nzimbe ija, yaitali, ikugwedera. Podutsa pashedipo Dilu anaona Umba. Anangoikweza pang'ono, basi n'kupitirira.

Umba anaima ngati chitsa. Anaona kuti imene ikupita ku Hagen si nzimbe yokha. Eyiti inali pomwepo, ikugwedera pawindo, ikucheperachepera.

Anathamanga. Thumba anaiwala kutula.

Za liwiro limenelo anthu amakangana mpaka lero. Ena amati anapitirira munthu wa panjinga, ena amati njinga yamoto, ndipo mayi wina wogulitsa mtedza amalumbira kuti mphepo yake inamuvula mpango n'kukaupachika pawaya wa magetsi. Kondakitala amene analendewera pakhomo la basi anamuona akubwera, fumbi lili koboo kumbuyo.

"Akulu, kwerani kapena tipitirireni," anakuwa. "Mukuchititsa manyazi injini."

Basi inafika pamene phiri linagumukira mumsewu, pamene magalimoto amadutsa mokwawa m'mphepete mwa dzenje lija linameza lole ya mowa chaka chatha. Umba anaipeza pamenepo, n'kuimenya kumbali ndi chikhatho mpaka maluwa onse anayoyoka. Dalaivala anaima. Dilu anatsika ndi nzimbe yake, akumwetulira ndi mano amene anamutsalira.

"Wandibweretsera khofi wa paulendo, msuweni?"

Umba anayang'ana paphewa pake, n'kudabwa kuona thumba. Analitula, anakhalapo, anapuma katatu.

"Ndili nako kanthu."

"Kanjere?"

"Thumba."

Dalaivala atamva zimenezo anazimitsa injini. Anthu anatsika onse n'kukhala paudzu, amayi akuyala nsalu, abambo akutulutsa buai, pakuti zinthu zoterezi sazionera pawindo.

"Ndiyambira pa thumba loluka la mzere wofiira," anatero Umba.

"Unali ndi masabata awiri."

"Ndinaliona. Usandidule."

Ananena za thumbalo. Ananena za zikoti zinayi, za dzino, za tsiku limene amalume anapatsa Dilu mchira wa nkhumba iye n'kumupatsa khutu. Ananena za ana asanu ndi awiri otchedwa Dilu, za galu, za minibasi. Ananena za ndege ndi za sutikesi ya matayala. Kumbuyo kwa basi malole anandanda, akuti mzere wake unakafika ku Goroka, koma palibe analiza hutala, chifukwa madalaivala nawo anali atatsika kudzamva.

"Wasiya za njinga ija ya buluu," anatero mayi wina wokalamba wa kumudzi kwawo.

"Ndifikako, amayi, musandithamangitse."

"Ndi za mtsikana wa ku Minj," anawonjezera kondakitala.

"Iwe si wa kwathu, wazidziwa bwanji?"

"Akulu, zimenezo timakamba m'basi."

Dzuwa litafika paliwombo mawu a Umba anatsika. Sanayang'anenso anthu, anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Chatsala chimodzi. Unkati ukagwa pabwalo osadzuka msanga, ine ndinkaimirira pabenchi. Anthu ankati onani mmene amakondera msuweni wake. Ine ndinkapempha kuti usadzuke. Osati kufa ayi. Mwezi umodzi wokha, kapena iwiri."

Panalibe woseka. Mayi wokalamba uja anasiya kutafuna.

"Ndinkadziwa," anatero Dilu. "N'chifukwa chake ndinkadzuka."

Umba anadzutsa mutu.

"Bondo ili linayamba kundiluma zaka zitatu zapitazo, mwana wa azakhali. Ndikagwa ndinkafuna kugona pomwepo mpaka machira abwere. Ndiye ndinkasuzumira kubenchi, n'kuona diso lako lija, lofiira ngati khala, n'kudziuza kuti ameneyu jezi yanga saivala lero. Ndi diso lako limene landikweza ndege. Ku Australia adzandiyang'ana choncho ndani?"

"Ndidzakutumizira chithunzi."

"Utumize. Tsono nanenso ndili nacho changa, chimodzi chokha. Mano. Uli nawo onse, makumi atatu ndi awiri, oyera ngati a mwana wasukulu. Ine nzimbe ndimatafunira kumbali ngati mbuzi. Ndikakuona ukuseka, ngakhale kuti suseka kawirikawiri, zimandiwawa."

Umba anamva kukoma kumene sanakumvepo chibadwire. Wina ankamuchitira nsanje, ndipo winayo anali Dilu. Anamwetulira dala mpaka mano akumapeto kuoneka.

Anagwira nzimbe uku ndi uku, n'kuithyolera pabondo la Umba, poti la Dilu linali lofunika kukafika nalo. Kulira kwake kunamveka mpaka ku tauni ya Kundiawa, anthu n'kuthawa pamsika poyesa mfuti. Anatafuna, madzi akutsikira m'zigongono, makoko akulavulira m'dzenje la lole ya mowa. Kenako Dilu anakwera, basi inalira, ndipo Umba anasenza thumba lake kubwerera kushedi. Akuti linkamupepukira ngati lodzaza nthenga.

Tokele anafika Lachiwiri, wamtali, wa khungu losalala ngati wodzola mafuta a kokonati kuyambira m'mimba, tsitsi lofiirira, nsapato zachikasu. Anatsika basi akunjenjemera ndi chisanu, n'kufunsa ngati kuno dzuwa limagwira ntchito kapena limangobwera kudzaonekera.

Lachinayi a Witne sanafunse Umba kalikonse. Anthu makumi anayi a m'basi ija anali atagwira kale ntchito yofalitsa. Wezulo italira, Umba anamva phewa la munthu kumanja, phewa lina kumanzere. Mpira unabwera m'manja mwake woponyedwa bwinobwino. Anathamanga, ndipo woyamba kumuwomba anali Kawage, amene anadziponya m'miyendo mwake ndi chimwemwe cha munthu wolandira m'bale wochokera kundende.

"Takulandirani, achimwene," anatero ali pansi, akupukuta magazi pamphuno.

Anabwera awiri, atatu, anayi, n'kumulendewera ngati mileme pamtengo, iye akungoyenda nawo. Tokele naye si wamasewera, mphindi khumi zoyambirira anagwetsa amuna ngati nthochi. Koma mpweya wa kumapiri kuno ndi wochepa, timagawana, ndipo mlendo sapatsidwa gawo lalikulu. Posakhalitsa anawerama, manja pamawondo, akufunsa amene wamubisira mphepo.

Pamapeto a Witne anapisa dzanja m'chikwama, n'kuponyera Umba jezi kumaso.

"Yatambasuka mapewa, mwini wake anali wamkulu. Uidzaze."

Tokele anapatsidwa 17.

Lamulungu bwalo linadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo. Umba anatuluka ndi anzake khumi ndi awiri, eyiti ili kumsana, akuyenda chammbali pang'ono kuti a mbali zonse aiwerenge. Mpira woyamba unabwera kwa iye. Alendo a tsiku limenelo anali amuna a kumapiri a kumadzulo, amene amayi awo amawayamwitsa miyala. Anakumana nawo atatu pakamodzi. Umba anaona nyenyezi masana, anaona agogo ake amene anamwalira kalekale akumukodola, kenako anapezeka ali chagada, m'kamwa muli kanthu kolimba. Analavulira m'dzanja. Linali dzino.

Anadzuka atalikweza m'mwamba kuti dziko lione. Zaka makumi awiri ndi mphambu analidikira dzino limenelo. Anatchera khutu kuti amve dzina lake likuimbidwa.

Khamu linkayang'ana kwina.

Kumapeto kwa benchi, m'chigwa chimene Umba anakumba ndi thupi lake, munakhala Tokele atafunda bulangete la maluwa limene mayi wina anamubwereka. Atsikana anayi anamuzungulira akumufunsa ngati n'zoona kuti nyanja ilibe tsidya. Mdala wina ankamugwirira ambulera. Ndipo patsogolo pake panagwada Ambane, mkazi wa Umba, mayi a Kagl, akumupatsa mbatata yotentha. Yosenda. Zaka zisanu ndi zinayi Umba anakhala pamalo omwewo, ndipo mbatata yake ankasenda yekha.

"Umba, mpira!" anakuwa Kawage.

Anaulandira osachotsa diso kubenchi, ndipo amuna atatu a kumadzulo aja anaulukira mbali zitatu. Mumut zinapambana tsiku limenelo. Wolengeza pa wailesi anati sanaonepo munthu wothamangira kutsogolo nkhope ili kumbali.

Lolemba Ambane anachapa eyiti, sopo n'kutha theka.

"Iyi ndiye jezi," anatero. "Mwakondwa tsopano, bambo a Kagl?"

"Unamusendera."

"Ndani?"

"Ukudziwa."

"Ndi mlendo, manja anali atauma ndi chisanu. Mukufuna ndizikusenderani inunso, bambo wa ndevu zanu?"

Umba anatenga chikwanje. Anapita kumunda kwa amalume ake n'kukadula nzimbe.

Lachisanu timu inakhala mozungulira paudzu. A Witne asanafikitse matako pansi, dzanja la Umba linali kale m'mwamba, nzimbe ili pamiyendo.

"Ndili ndi kanthu ndi mlendoyu."

Anyamata anayamba kufuna pogona bwino. Tokele analoza pachifuwa pake, maso ali tong'o.

"Ine, achimwene? Ndangotha masiku khumi."

"Wakhala pamalo anga."

A Witne anasuntha buai kupita tsaya lina.

"Ukufuna kubwererapo, Umba? Eyiti ndimupatse iyeyu?"

Umba anagwira jeziyo pachifuwa ndi dzanja limodzi, lina akukankhira nzimbe kwa Tokele.

"Ayi, akochi. Eyiti ndi yanga. Koma iyeyu asamakhalepo mokoma choncho."